Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kaundula wa Harare South

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene banja lathu linachoka ku Mbare kukakhala ku Sunningdale. Lino ndi la ndale. Achinyamata a kutchalitchi kwathu amakonda kundifunsa kuti munthu wopanda chipani chachikulu kumbuyo kwake angapambane bwanji chisankho muno m'Zimbabwe, ndipo akapambana, bwanji sakhalitsa. Ine yankho ndinaliona ndi maso pa Mayi Margaret Dongo, amene anali phungu wathu.

Mayi Dongo anabadwa mu 1960. Ali ndi zaka 15 anawolokera ku Mozambique kukalowa nkhondo yomenyera ufulu, ndipo kutchireko ankadziwika ndi dzina loti Tichaona Muhondo. Mu 1989 anali m'gulu la anthu amene anakhazikitsa bungwe la omenya nkhondo, ndipo mu 1990 analowa m'nyumba ya malamulo pa tikiti ya chipani cholamula cha ZANU-PF. Pakamwa pawo panalibe chotsekera. Ankadzudzula katangale poyera, motero pofika 1995 chipani sichinawapatsenso tikiti. Anayima paokha ku Harare South, kupikisana ndi Mayi Vivian Mwashita, mnzawo wa kunkhondo. Tinavota masiku awiri, pa 8 ndi 9 Epulo, ndipo analengeza kuti apambana ndi Mayi Mwashita. Mayi Dongo anakana zotsatirazo n'kukadandaula ku bwalo lalikulu la milandu.

Apa m'pamene ife tinalowerapo. Woweruza samva zoti "atibera". Amafuna dzina, nambala ya chitupa, nambala ya nyumba, ndi munthu wolumbira kuti zimene akunena n'zoona. Ndiye panafunika anthu oyenda ndi kaundula wa ovota khomo ndi khomo.

Kaundula wa nthawi imeneyo anali mulu wa mapepala, ndipo mayina ankandandalikidwa motsatira chilembo choyamba cha dzina la bambo, osati motsatira misewu. Ukangonyamula tsamba limodzi n'kutuluka nalo, dzina loyamba likutumiza kumapeto kwa komboni, lachiwiri likubwezeretsa kumene wachokera, ndipo dzuwa lilowa utaona nyumba zisanu zokha. Choncho ntchito yoyamba inali ya patebulo. Tinagula makope a ana asukulu, kope limodzi msewu umodzi, tsamba limodzi nyumba imodzi. Wina awerenga kaundula mokweza, ena alemba dzina lililonse pa tsamba la nyumba yake, pamodzi ndi nambala ya chitupa ndi nambala ya tsamba la kaundula limene dzinalo lachokera. Nambala ya tsambayi musaiiwale. Loya akafuna kuonetsa woweruza dzina, alibe nthawi yofufuza mulu wonse.

Usanatuluke n'komwe panja, zina zimaonekera patebulo pomwepo: nyumba ya zipinda zinayi yokhala ndi mayina odzaza tsamba mpaka kuseri, nambala ya nyumba yoposa nyumba yomaliza mumsewuwo, munthu mmodzi wolembedwa kawiri.

Kenako kuyenda. Tinkayenda awiriawiri, makamaka mwamuna ndi mkazi, chifukwa amuna awiri onyamula kope pageti anthu amawayesa a khonsolo odzadula madzi, kapena oposa pamenepo. Nthawi yabwino inali madzulo anthu ataweruka ku mafakitale a ku Graniteside, ndi Lamlungu masana. Funso linali limodzi basi: "Kodi awa mumawadziwa?" Sitinkafunsa kuti munavotera ndani. Mukangofunsa zimenezo chitseko chitsekedwa, ndipo mawa msewu wonse ukhala utamva. Pambali pa dzina tinkalemba chilembo chimodzi: alipo, anasamuka, anamwalira, sadziwika. Pa womwalira tinkafunsa chaka ndi kumene anaikidwa, ndipo ngati banja lili ndi chikalata cha imfa tinkakopera nambala yake.

Zovuta zinali ziwiri, ndipo zonse zikanatha kuwononga mlandu. Choyamba ndi maloja, anthu ochita lendi m'nyumba za ena. Mwini nyumba amene wadzaza anthu m'zipinda za kuseri popanda chilolezo amakana kuti sawadziwa, pamene anthuwo alipo ndipo anavotadi mwachilungamo. Ukalemba "sadziwika" pa munthu wotere, mbali inayo idzabwera naye kukhoti ali ndi chitupa m'manja, ndipo kope lako lonse lidzasanduka bodza. Tinaphunzira kufunsanso nyumba yoyandikana nayo, kapena mayi wogulitsa tomato pakona, amene amadziwa aliyense ndi ngongole yake.

Chachiwiri chinali chathu ife a Chichewa, ndipo n'chimene ndinali wothandiza nacho. Chishona chilibe L, ndipo B wolimba amamulemba BH. Makalaliki olembera ankalemba zimene khutu lawo lamva: Mwale n'kukhala Mware, Banda n'kukhala Bhanda, Phiri n'kutaya H wake. Komanso madala ambiri amene anabwera pa Mthandizi, bungwe limene linkatenga anthu ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, analembetsa dzina limene bwana wa papulazi anawapatsa, pamene m'komboni amadziwika ndi mfunda wawo. Mnzanga wa Chishona akafunsa dzina la pachitupa, am'yankha kuti kuno kulibe. Ine ndikalonjera m'chinenero chathu n'kufunsa kuti kodi kwanu n'kuti, gogo yemweyo atulutsa mpando, n'kunena kuti amene mukufunawo ndi amuna anga, dzina limenelo ndi la kuntchito. Chifukwa cha zimenezi lamulo lathu linali lakuti dzina lingakunamize koma nambala ayi. Pa chitupa cha kuno manambala awiri oyamba amasonyeza ofesi imene munthu analembetsera, 63 ndiye Harare, ndipo awiri omaliza amasonyeza boma limene makolo ake anachokera. Anthu awiri angafanane dzina, koma nambala ikafanana ndiye kuti ndi munthu mmodzi walembedwa kawiri.

Zimene tapeza zinkapita kwa maloya, iwo n'kusankha zolimba zokha n'kuzisandutsa zikalata zolumbira. Kukhoti kunaonekanso kuti mapepala amene anawerengedwa anali ochuluka kuposa anthu amene analembedwa kuti avota. Mu Ogasiti 1995 khoti linafafaniza chisankhocho. Tinavotanso mu Novembala, ndipo Mayi Dongo anapambana ndi mavoti 3,075, Mayi Mwashita 1,613.

Pa chibwerezacho nkhani yaikulu inali mamonita, anthu oyang'anira kuti mavoti asabedwe. Masiku ano mavoti amawerengedwa pamalo pomwe mwavotera, zotsatira n'kulembedwa pa fomu ya V11 imene imamatidwa panja. Mu 1995 kunalibe zimenezo, ngakhale bungwe loyendetsa zisankho la ZEC kunalibe; zisankho zinali m'manja mwa ofesi ya Registrar General, yosunga kaundula ndi kupereka zitupa. Mabokosi anali osaonekera mkati, ankagona usiku pakati pa masiku ovota, kenako n'kunyamulidwa kupita pamalo amodzi owerengera. Monita ankayenera kuona bokosi lili lopanda kanthu m'mawa, kulemba manambala a zomatira bokosilo, kuchonga m'kope mwake munthu aliyense wolandira pepala, kugona pafupi ndi bokosi, n'kulitsatira pa galimoto. Malo alionse amafuna anthu osachepera awiri kuti wina akapita kukadzithandiza, wina atsale. Ndipo chakudya muwapititsire komweko. Monita wanjala amachoka, kapena amadya cha mbali inayo, zomwe n'zoipa koposa.

M'nyumba ya malamulo ya mipando 150, amene sanali a chipani cholamula anakhala atatu okha: Mayi Dongo ndi aphungu awiri a ZANU-Ndonga ya M'busa Ndabaningi Sithole ochokera ku Chipinge. Mu 1996 Mayi Dongo anafuna kupikisana pa upulezidenti koma malamulo amafuna zaka 40, iwo anali asanafike. Mu 1998 anakhazikitsa chipani chawo, Zimbabwe Union of Democrats, ZUD.

Kunena zoona, apa m'pamene zinthu zinayamba kutsetsereka, ndipo si chifukwa choti iwo anasintha. Kusamala dera limodzi ndi ntchito ya miyendo. Kuyendetsa chipani m'madera onse 120 a chisankho ndi ntchito ya ndalama. Lamulo la 1992 lopereka ndalama za boma ku zipani linkafuna kuti chipani chikhale ndi mipando 15, ndiye kuti ndalama zonse zinkapita ku chipani chimodzi. Khoti la Supreme litagamula mu 1997 kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, anasintha n'kuika mavoti asanu pa 100 alionse a dziko lonse. Kwa chipani chaching'ono phiri limenelo n'lalitalibe. Popanda ndalama imeneyo, lendi ya ofesi, mafuta, mapositala ndi chindapusa cha woyimira aliyense zimachoka m'thumba la mtsogoleri. Ndipo amene akulipira zonse amafunanso kulamula zonse, pamene anzake a m'komiti amafuna mawu awo amveke. ZUD inagawanika isanaone n'komwe chisankho chake choyamba.

Chinanso, chipani chaching'ono chilibe mizu yoyamwira. Chipani chotsutsa cha MDC chitakhazikitsidwa pa bwalo la Rufaro ku Mbare mu Seputembala 1999, chinabwera ndi mabungwe a anthu apantchito a ZCTU, amene anali kale ndi nthambi m'fakitale iliyonse. Ife tinali ndi makope athu ndi dzina la munthu mmodzi. Pa chisankho cha pa 24 ndi 25 Juni 2000 anthu sankafunsanso kuti phungu wabwino ndani. Ankafunsa kuti ndani angagwetse njovu. Anthu omwe aja amene anatitulutsira mipando mu 1995 ankatiuza mwaulemu kuti amayi timawakonda, koma voti yathu isagawanike. ZANU-PF inapeza mipando 62, MDC 57, ZANU-Ndonga umodzi. Mipando yonse ya mu Harare inapita ku MDC, ndipo ku Harare South anapambana a Gabriel Chaibva, Mayi Dongo n'kukhala achitatu. Pambuyo pake Mayi Dongo anapita kukaphunzira ku yunivesite ya Harvard ku America.

Nthawi zina ndimamva anthu akuseka zipani zing'onozing'ono kuti n'za m'chikwama. Zina n'zoterodi, zimatuluka chaka cha chisankho ngati bowa. Koma onani mmene khomo likucheperachepera. Mu 2018 wofuna upulezidenti ankalipira madola 1,000 a ku America, wofuna uphungu 50, ndipo pa pepala la upulezidenti panali mayina 23. Mu 2023 chindapusa chinakwera kufika 20,000 ndi 1,000, mayina n'kutsika kufika 11. Mayi mmodzi yekha pa mndandandawo, Elisabeth Valerio, analowapo atachita kupita kukhoti. Wofuna kuyima lero ayambe wasonkhanitsa ndalamayo, atsimikize kuti aliyense womusainira pepala ali m'kaundula wa dera lomwelo, asainitse anthu oposa chiwerengero chofunika kuti wina akakanidwa pakhale wolowa m'malo, ndipo apereke mapepala kudakali masiku. Khoti lolandira mayina limakhala tsiku limodzi, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndipo ambiri amagwa chifukwa chofika ndi pepala lolakwika nthawi yokonza itatha.

Kaundula amene tinamuyeretsa uja anadzatitembenukira ife tomwe. Mu 2001 lamulo la unzika linasintha: aliyense amene makolo ake anabadwira kunja anayenera kukana unzika wa dziko la makolowo motsatira malamulo a dzikolo, apo ayi ataya wa kuno. Ambiri a ife tinabadwira ku Harare, ku Malawi sitinapondeko, koma pa chisankho cha 2002 mayina a anthu ambiri otere anali atachotsedwa, langa lomwe. Zinakonzeka ndi malamulo aakulu a 2013, amene anabwezera unzika kwa obadwira muno mwa makolo a m'maiko a SADC. Za mizere ya ku Makombe, ku ofesi yopereka zitupa, ndi mapepala amene munthu amafunika kunyamula kuti chitupa cha mlendo chisinthidwe, ndilemba m'gawo 15.