Lachiwiri, nkhani ndi bondo

Lero ndinajomba kuntchito kuti ndikaonerere mwana wanga akukonzekera masewero a basketball kukoleji kwawo. Kuzizira kwa kuno ku America sindinakuzolowerebe, ndinafika mano akugundana.

Mpira weniweni unachedwa kuyamba. Kwa mphindi zambiri atsikana ankangodumpha kuchoka pabokosi n'kutera pansi, mayi wina wovala kachikwama m'chiuno akuwayang'anitsitsa mawondo. Mwana wanga anamubweza kanayi konse. Akuti akamatera, bondo lakumanzere likupindikira mkati. Ine ndinayamba kunyansidwa, ndimvekere mayiyu akumuzunziranji mwanayu?

Kenako ndinacheza nawo. Si kochi, si dokotala. Ntchito yawo amaitcha athletic trainer: kumanga akakolo ndi tepi, kuika ayisi, kulemba aliyense wovulala, komanso kuuza kochi kuti uyu lero asalowe. Anandifotokozera kuti chovuta chofala kwambiri ndi kubinya kakolo, koma chomwe chimawasowetsa tulo ndi mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL. Umaduka kawirikawiri kwa atsikana kusiyana ndi anyamata, nthawi zambiri popanda wokugunda, pongotera molakwika kapena potembenuka mwadzidzidzi. Ukaduka, ndi opaleshoni, ndiye pafupifupi chaka chathunthu uli panja. Ndinakumbukira osewera basketball otchuka, Paige Bueckers, amene anakhala panja nyengo yonse ataduka mtsemphawu mu 2022 ali ku yunivesite ya Connecticut (UConn), ndi JuJu Watkins wa ku yunivesite ya Southern California (USC) amene anadukanso mtsempha womwewu mu Marichi 2025. Ku yunivesite ya Texas Christian (TCU) mu Januwale 2024 zinafika poti timu ya atsikana inalephera kusewera magemu awiri chifukwa osewera anachepa kaamba kovulala, mpaka anaitana ophunzira wamba kudzayesa mwayi.

Chinandigwira mtima n'chakuti ziwerengero za ovulala zomwe bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji kuno ku America, lakhala likusonkhanitsa kuyambira 1982 zimachokera kwa anthu ngati mayiwa. Ndiye pamene palibe wolemba, ziwerengero zimaoneka zokongola, ana akutsimphina. Ndinaganiza za ife tikusewera ntchembere mbaye kusekondale: ukabinya, amangokukoka mwendo, kuthira madzi, basi bwerera m'bwalo.

Chodandaulitsa, mayi mmodzi yemweyu akuyang'aniranso matimu ena awiri pasukulupo. Tikulankhula, foni inalira, anathamangira kwa a volleyball nkhani ili pakamwa.

Madzulo mwana wanga anabwera akung'ung'udza kuti Loweruka amuchepetsera mphindi zosewera. Anafuna ndimuikire kumbuyo. Ndinangomupakulira nsima, n'kumuuza kuti akamaliza kudya andionetse kateredwe kaja pakhonde.