Sitika yomatidwa pamwamba pa inzake

Lolemba ndinalowa m'holo muli zii, amisiri akungoyamba kuimika matebulo ndi kukoka mawaya. Kampani yathu inali itapatsidwa ntchito yoyang'anira chitetezo cha pa intaneti pa msonkhano wa masiku atatu wa anthu ochita za crypto, ndalama za pa intaneti. Anzanga awiri anatenga za Wi-Fi ndi makina olembetsera alendo. Ine ndinatenga kabuku ndi cholembera n'kuyamba kuwerenga ma QR code, tizizindikiro ta timabokosi takuda ndi toyera tomwe timasikana ndi foni.

Ndinadutsa 100 ndisanafike n'komwe kuchipinda chachiwiri. Analipo pa mabaji, pa ndondomeko ya msonkhano, pa timapepala ta Wi-Fi, pa tebulo la kampani iliyonse, pa zikwangwani zolengeza ntchito, ngakhale pa malo olandirira matisheti aulere. Lililonse ndinkalisikana ndi foni yapadera, n'kulemba kumene likulozera, n'kulijambula. Ntchito yotopetsa, koma popanda kabukuko sindikanakhala ndi podziwira kuti ili ndi lathu, ili si lathu.

Kachizindikiro aka kanapangidwa mu 1994 ndi Masahiro Hara ndi anzake ku kampani ya Denso ku Japan, n'cholinga cholondolera zipangizo za magalimoto m'fakitale. Anakapangira makina, osati maso a munthu, ndipo vuto lonse lagona pamenepa. Siginecha yabodza munthu akhoza kuiyang'anitsitsa n'kuikayikira. Koma timabokosi takuda ndi toyera tija palibe angatiyang'ane n'kudziwa kumene tikumutengera. Ena amakhulupirira akaona chizindikiro cha kampani pakati pa QR code. Chizindikirocho sichitsimikizira kanthu. QR code ikhoza kupangidwa kuti iziwerengekabe ngakhale gawo lofika 30 peresenti litaphimbika, choncho aliyense akhoza kuikapo chithunzi chomwe wafuna.

Madzulo ake ndinapempha okonza msonkhano kuti pansi pa QR code iliyonse palembedwe adiresi ya tsamba la pa intaneti lomwe ikulozera m'zilembo zowerengeka. Anandiyankha mwaulemu kuti zonse zinasindikizidwa kale ndipo nthawi yatha. Ndinavomera. Mpaka lero ndimaona kuti ndinavomera msanga.

Lachiwiri ndinakumana ndi achinyamata odzipereka kuthandiza pa msonkhano. Ndinawafotokozera kuti chinyengochi sichachilendo: mu Januwale 2022 a FBI, apolisi ofufuza a ku America, anachenjeza anthu za ma QR code osinthidwa ndi mbava, ndipo nthawi yomweyo m'mizinda ya Austin ndi San Antonio ku Texas munapezeka masitika abodza pa makina olipirira poimika magalimoto. Kenako ndinawaphunzitsa chinthu chimodzi chokha. Mukadutsa pa QR code, yendetsani chikhadabo m'mphepete mwake. Ikakhala yosindikizidwa pa pepala, chikhadabo chimangotsetsereka. Chikakodwa, ndiitaneni.

Chinakodwa Lachitatu, nthawi yopuma ya m'mawa itangotha. Mtsikana wina mwa odziperekawo anabwera akuthamanga.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Pa chikwangwani cha POAP paja pali kanthu."

Kwa amene simunapiteko kumisonkhano yotere, POAP ndi kabaji ka pa blockchain (kaundula wa pa intaneti wolembamo zochitika za crypto) kosonyeza kuti munthu analipo pa chochitika. Zinayambira ku msonkhano wa ETHDenver mu 2019, ndipo anthu ambiri amazitolera mwachikondi, ena mpaka kufola pamzere. Kawirikawiri amazigawa kudzera pa QR code. Wakuba sangapezenso malo abwino kuposa amenewa: anthu ali pamzere, mafoni ali m'manja, mawaleti (mapulogalamu osungiramo crypto) ndi otsegula, ndipo aliyense akuyembekezera kulandira kanthu kaulere.

Sitikayo inadulidwa bwino kwambiri, kukula kwake ndendende ndi QR code yathu, pepala lake losanyezimira ngati la chikwangwanicho. Ndikanangoyang'ana ndi maso sindikanaiona. Ndinaimatula pang'onopang'ono, n'kuiika mu envulopu, n'kuisikana ndi foni yanga yoyesera, yomwe waleti yake ilibe kanthu. Tsamba lomwe linatseguka linali ndi mitundu ya msonkhano wathu, chizindikiro chathu, ngakhale chithunzi cha holoyo. Pa adiresi, pomwe panayenera kukhala chilembo cha m anaikapo r ndi n moyandikana. Pa foni, munthu uli chiimire, anzako akukukankha kumbuyo, sungasiyanitse. Titafufuza tinapeza kuti adiresiyo inalembetsedwa sabata yomweyo.

Tsambalo linandiuza kuti ndilumikize waleti. Ndinalumikiza. Kenako linati ndisaine kuti nditsimikize kuti ndinalipo. Apa ndi pamene ndikufuna aliyense amvetse, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti kusikana n'kumene kumabetsa ndalama. Ayi. Kusikana kumangokufikitsa pakhomo la wakuba. Ngakhale kulumikiza waleti kumangomuonetsa adiresi ya waleti yako, yomwe ili ngati nambala ya akaunti, ndi zomwe uli nazo, n'kuona ngati uli woyenera kumutayitsa nthawi. Chimene chimabetsa ndi kusaina. Ndipo POAP yeniyeni safuna kuti usaine chilolezo chilichonse chokhudza ndalama zako. Umangopereka adiresi kapena imelo, basi.

Chomwe chinabwera pa foni yanga chinali chomwe amachitcha Permit. Kale, kuti upatse munthu chilolezo chotenga matokeni ako (ndalama zako za crypto) pa blockchain ya Ethereum unkayenera kutumiza lamulo pa blockchain n'kulipira ndalama yoyendetsera lamulolo yotchedwa gas, ndipo kulipirako kunkamupatsa munthu mpata woganiza kawiri. Permit inabwera kudzapeputsa zimenezi: umangosaina uthenga, osalipira kanthu, ndipo wolandira siginechayo ndi amene amakaipereka pa blockchain nthawi yomwe wafuna. Kwa anthu oona mtima n'chinthu chothandiza. Kwa wakuba ndi cheke chosainidwa chopanda malire. Ndinatsitsa uthengawo ndi chala mpaka pa mzere wa kuchuluka kwa ndalama. Panali nambala ya manambala 78, yaikulu koposa yomwe dongosololi limalola. Tanthauzo lake: tenga zonse, za lero ndi zomwe zidzalowe mawa.

Tinagawana holo. Pofika masana tinali titamatula masitika ena anayi, imodzi pa kapepala ka Wi-Fi, ina m'chikepe. Ya m'chikepeyo inali yamtundu wina. Inkanena kuti waleti yako ili ndi vuto, ulembe mawu ako achinsinsi 12 kapena 24 kuti ikonzedwe. Mawu amenewa ndiwo waleti yeniyeniyo. Wowadziwa safunanso foni yako kapena siginecha yako.

Adiresi zija tinazinena kwa kampani yomwe inazilembetsa, ku Google Safe Browsing, komanso pa mndandanda wa masamba achinyengo womwe waleti ya MetaMask imagwiritsa ntchito pochenjeza anthu. Izi zinali zosavuta. Chovuta chinali kukopa okonza msonkhano kuti alengeze pa nsanja. Ankaopa kuchititsa manyazi makampani omwe anathandiza ndi ndalama, ankaopanso kuti nkhani ifalikira pa X, yomwe kale inali Twitter. Ndinawauza kuti ndikumva nkhawa yawo, koma pali anthu m'holo muno amene asaina kale ndipo sakudziwa. Aliyense wa iwo ali ndi mwayi wopulumutsa ndalama zake ngati wamva tsopano. Tinakambirana kwa nthawi yaitali kuposa momwe zinayenera kukhalira. Analengeza cha kumadzulo, anthu ena atatuluka kale.

Lachinayi m'mawa pa tebulo lathu panafika bambo wina wachikulire, imvi zili mbuu, baji ili pakhosi. Anakhala pampando osalankhula kwa kanthawi, kenako anandipatsa foni.

"Achimwene, ine sindinatumize ndalama kwa munthu. Tayang'anani nokha. Palibe chomwe ndatumiza."

"Pepani bambo. Dzulo munasainako kanthu?"

"Ka POAP kokha kaja. Koma sikanandidule ngakhale pang'ono, nanga si kanali kaulere?"

Tinatsegula adiresi ya waleti yawo pa Etherscan, tsamba loonetsa zochitika za pa Ethereum. Zonse zinali poyera. Pakati pa usiku, iwo ali m'tulo, adiresi yachilendo inapereka siginecha yawo ija, ndipo nthawi yomweyo USDC yawo yonse, ndalama ya crypto yofanana mtengo ndi dola ya ku America, inachoka. Mphindi zochepa pambuyo pake inasinthidwa kukhala ETH, ndalama ya Ethereum yeniyeniyo. Wakubayo ankadziwa chomwe akuchita: kampani ya Circle, yomwe imapanga USDC, ili ndi mphamvu yoiimitsa pa adiresi, monganso kampani ya Tether imachitira ndi ndalama yake ya USDT, koma ETH palibe kampani yomwe ingaiimitse. Bambowo anali atatuluka m'holo chilengezo chisanaperekedwe.

Anandifunsa funso lomwe aliyense amafunsa.

"Ndiye palibe njira yobwezera?"

Ndinawauza zoona. Zomwe zalembedwa pa blockchain sizifufutika, ndipo palibe ofesi yomwe ingabweze. Chiyembekezo chomwe chimakhalapo n'chakuti ndalamazo zikalowa kumsika waukulu wa crypto womwe umalemba mayina a makasitomala ake, apolisi akhoza kupempha kuti ziimitsidwe. Zimachitika, koma sindinafune kuwalonjeza. Manja awo ankanjenjemera moti ndinawagwirira foni pamene tinkayang'ana pa tsamba la Revoke.cash zilolezo zomwe zinatsala n'kuzithetsa. Kenako tinatsegula waleti yatsopano ndi mawu achinsinsi atsopano n'kusamutsirako zochepa zomwe zinatsala, chifukwa siginecha yomwe wakuba sanaigwiritsebe ntchito sioneka pa blockchain, ndipo iwo sankakumbukira kuti anasaina kangati. Tinalemba nambala za zochitika zonse pa pepala loti apite nalo kupolisi.

Atachoka, mnzanga wina anapukusa mutu n'kunena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinamukaniza. Bambo aja sanali munthu wadyera kapena mbuli. Anandiuza kuti akhala akulemba mapulogalamu a kompyuta kwa zaka zambiri, ndipo mawu awo achinsinsi sanawalembepo pa foni kapena pa intaneti. Chomwe anachita ndi chomwe ife tinawaphunzitsa kuchita kuyambira pakhomo. Kuti alowe anasikana. Kuti apeze Wi-Fi anasikana. Kuti aone ndondomeko anasikana. Ulendo uliwonse zinkayenda bwino, ndipo pofika pa chikwangwani chija dzanja linali litazolowera kutsogola mutu usanaganize. Makampani a crypto akhala akulimbikitsa chizolowezi chimenechi poyera. Mu Febuluwale 2022 kampani ya crypto ya Coinbase inaonetsa pa TV, nthawi ya mpira waukulu wa ku America wa Super Bowl, QR code yokha ikuyandama pa sikirini popanda kufotokoza kalikonse, ndipo anthu anasikana mwaunyinji mpaka pulogalamu yawo inaima kwa kanthawi. Ambiri anayamikira luso la otsatsawo. Ife a chitetezo tinagwira m'mutu. Sitingaphunzitse anthu kusikana chilichonse kenako n'kuwaseka akasikana cholakwika.

Tsiku lomwelo kunabweranso mayi wina yemwe anasikana sitika ya m'chikepe. Chinawapulumutsa n'chakuti mawu awo achinsinsi anawasiya kunyumba pa pepala, ndipo sankawakumbukira pamtima. Anabwera kudzafunsa ngati angadzalembe akafika kwawo. Ndinawauza kuti asadzalembe pa tsamba lililonse, ngakhale litanena kuti ndi la kampani yomwe inapanga waleti yawo.

Lachisanu tinaonera zithunzi za makamera. Munthuyo anali ndi baji yeniyeni, yogula ngati wina aliyense. Anaima pa chikwangwani ngati akuwerenga, dzanja linakwera n'kutsika, n'kumapita. Nkhope sinaoneke bwino chifukwa cha chipewa. Sindikhulupirira kuti ndi iye analemba pulogalamu yobera. Masiku ano mapulogalamu amenewa amachita kubwereketsa: eni ake amapereka tsamba ndi zida zonse, womata masitika amangobweretsa anthu, kenako amagawana. Ofufuza a kampani ya chitetezo cha pa intaneti ya Group-IB analemba za pulogalamu ina yotere, Inferno Drainer, yomwe inagwira ntchito kuyambira Novembala 2022 mpaka Novembala 2023, kuti eni ake ankatenga 20 peresenti ya zobedwa, ndipo zonse pamodzi zinaposa madola 80 miliyoni a ku America. Kuti munthu alowe nawo m'gulu lotere amangofunika makina osindikizira ndi lumo.

Masana bambo aja anabweranso, nkhope itawalako pang'ono. Anali atalemba za tsoka lawo pa X, ndipo anthu angapo anawalembera kuti ndi akatswiri obweza ndalama zobedwa, bola alipire kaye pang'ono. Mtima unandiwawa kuposa dzulo lake. Ndinawauza kuti amenewo ndi akamberembere omwe amadikirira anthu ovulala kale, ndipo ndinawapempha kuti asayankhe aliyense. Anangoti, "Ndamva, achimwene," n'kuzimitsa foni.

Loweruka amisiri akugwetsa zikwangwani, ine ndinakhala pakona kulemba lipoti. Ndinaikamo kuti QR code iliyonse izikhala ndi adiresi yolembedwa pansi pake, kuti zomwe zimakhudza waleti ziziikidwa pa sikirini kapena kuseri kwa galasi osati pa pepala lofikirika, kuti alendo aziuzidwa asanabwere kuti abwere ndi waleti yapadera yopanda ndalama zambiri, ndiponso kuti wa chitetezo akhale ndi mphamvu yolengeza pa nsanja popanda kudikira chilolezo. Mfundo yomalizayi ndinaiika pamwamba, n'kulemba nthawi yomwe tinapeza sitika yoyamba ndi nthawi yomwe chilengezo chinaperekedwa, moyandikana.

Ndikutseka laputopu, mtsikana uja wa chikhadabo anabwera ndi sitika ina m'manja. Anaipeza kuseri kwa chitseko cha chimbudzi, malo omwe sindinawalembe m'kabuku kanga chifukwa ife sitinaikeko QR code. Ndinaisikana. Tsamba lake linali litatsekedwa kale, pa foni panangobwera chenjezo lofiira. Ndinaiika mu envulopu pamodzi ndi zinzake, n'kutsegulanso lipoti kuti ndiwonjezere zimbudzi pa malo oyendera.