Zikomo nonse amene munandipirira nthawi ija ndinkangokhalira kugona

Abale anga, zotsatira za magazi zatuluka ndipo adokotala akuti TSH yanga, nambala yoonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, yakhazikika, ili pa 2.1, mkatikati mwa malire a 0.4 mpaka 4.0 amene amalemba papepala la ku labu lija. Akuti mlingo wa mankhwala tisasinthe, ndikaonekerenso chaka chamawa pokhapokha nditamva zachilendo m'thupi kapena nditaima. Ndiye ndati ndilembe pano, chifukwa kuyenda khomo ndi khomo kuthokoza aliyense sindingathe, muliko ambiri.

Ena mukudabwa kuti kodi mayi ameneyu amadwala chani poti nkhope inali fwaa chonchija. Eetu, kunenepa kuja anali matenda. Chithokomiro changa, kachiwalo kaja kali kutsogolo kwa khosi, chinasiya kupanga mahomoni okwanira, ndiye chilichonse m'thupi chimayenda mwaulesi. Kutopa kodzuka nako m'mawa, kuzizidwa mu Okotobala anzanga akufuna mthunzi ine ndili mu juzi, khungu mbuu ngakhale ndidzole bwanji, tsitsi kutsalira m'chipeso, kudzimbidwa, kumwezi kubwera kwambiri mpaka magazi kuchepa, mawu kusasa, kuiwala mayina a ana a m'kalasi mwanga momwe. Malungo anandiyeza mpaka chala kuchita zipsera, shuga, BP, HIV, zonse bwinobwino. Ndipo palibe chowawa ngati kuuzidwa kuti mulibe vuto mayi pamene iwe ukudzimva kuti thupi si lako.

Oyamba kuwathokoza ndi a clinical officer aja amene sanathamangire kundilembera panado. Anandigwira pakhosi nkundiuza kuti ndimeze malovu, anawerenga kugunda kwa mtima nkupeza kuti ndi kochedwa, kenako anati mayi tiyeni tiyeze chithokomiro. TSH inatuluka itadutsa 30, T4, homoni imene chithokomiro chimapanga, ili pansi. Ine ndinasokonezeka kuti chiwalo chafooka koma nambala yakwera, zikugwirizana bwanji? Iwo anandifotokozera kuti TSH sichokera ku chithokomiro ayi, imachokera ku kachiwalo kena ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo ili ngati kapitawo wa pa esiteti, wantchito akamagona m'pamene amakuwa kwambiri. Kenako anayeza ma antibody, asilikali a chitetezo cha m'thupi, nkupeza kuti ndi Hashimoto, matenda amene chitetezo cha m'thupi mwako chomwe chimalimbana ndi chithokomiro, dzinalo ndi la dokotala wa ku Japan amene anawafotokoza mu 1912. Anandiuziratu mosabisa kuti levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni amene chithokomiro chikulephera kupanga, ndidzamwa moyo wanga wonse. Tsiku limenelo ndinalira, koma panopa ndimati bola anandiuza zoona kusiyana ndi kundinyengerera.

Bambo a kunyumba, inu ndiye ndisowa poyambira. Kunali anthu amene amakuuzani kuti mkazi wanu ndi waulesi, wazolowera kudya za malipiro, ena mpaka kukunong'onezani kuti mwina ndi zakwathu zomwe tikafunse kwa asing'anga. Inu mumangodzuka nkuyatsa mbaula, kusambitsa ana, kuwaperekeza. Mpaka lero alamu ya 5 koloko ndi yanu, mumandipatsa kapilisi ndi kapu ya madzi ine maso ali otseka, chifukwa mankhwala amenewa amafuna m'mimba mopanda kanthu ndipo uyenera kudikira mphindi 30 mpaka ola lathunthu usanadye kapena kumwa tiyi wamkaka kaya khofi. Phala la soya lija ana amalikonda ine ndinalisamutsira madzulo poti soya naye amatchinga mankhwala kulowa bwino m'thupi, ndipo simunadandaule kuti nyumba yasanduka chipatala.

Tsopano mayi a ku famase aja, Mulungu akudalitseni kwambiri. Nditapita ndi pepala la mapilisi owonjezera magazi, a ayironi aja, musanandipatse munafunsa kaye kuti pali mankhwala ena amene mukumwa? Nditatchula levothyroxine munatenga cholembera nkundilembera pakatoni kuti ayironi ndi kashiamu zizitalikirana ndi kapilisi ka m'mawa ndi maola 4, chifukwa zikakumana m'mimba zimagwirana ndipo mankhwala ambiri amangotuluka osagwira ntchito. Ngakhale mankhwala a chilungulira aja timangotafuna ngati maswiti, magnesium trisilicate, munati chimodzimodzi. Funso limodzi lokhalo ndi limene lachititsa kuti nambala zanga zitsike bwino, apo bii adokotala akanamangokweza mlingo nkumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Munandichenjezanso za biotin, vitamini uja atsikana akumwera tsitsi ndi zikhadabo masiku ano, kuti amanamiza makina a ku labu, TSH imaoneka yotsika pamene sinatsike, ndiye ngati ukumwa uyenera kusiya masiku osachepera 2 usanakayezetse komanso uwauze adokotala. Ine tsitsi likuthothoka chonchija anthu atatu osiyana anali atandiuza kale kuti gula biotin, palibe ndi mmodzi yemwe amadziwa zimenezi.

Za mavitamini ndinene pang'ono poti ma inbox ndi ambiri. Ine ndimamwa ayironi ndi vitamini D chifukwa anayeza nkupeza kuti nzochepa, B12 anayezanso poti anthu a Hashimoto ena amakhala nayo yotsika koma yanga inali bwino ndiye sindimwa. Mavitamini sachiza chithokomiro, amangokonza zimene zaperewera. Ndipo inu ogulitsa mabotolo a kelp, ndere za m'nyanja zodzaza ndi ayodini, ndi ma detox pa WhatsApp, ndimakukondani koma ayi. Ayodini ndi wofunika, nchifukwa chake mchere wa m'paketi amauthira ayodini ndipo wathandiza kuti zotupa za pakhosi zichepe, koma kwa munthu wa Hashimoto ayodini wochuluka akhoza kuonjezera vuto. Botolo limodzi mtengo wake kuposa mankhwala enieni a miyezi ingapo, aaa ayi ndithu.

Achemwali anga a ku Johannesburg, nthawi ija mankhwala anasowa m'tauni muno inu munathamanga nkutumiza Euthyrox, mtundu wa levothyroxine umene ndimamwa, pa basi, mutaikulunga m'chitenje ngati ndalama. Munkandiseka kuti ndikuvuta ndikamati ikhale ya kampani yomweyo, koma ndi adokotala anati ngati nkotheka ndisamasinthesinthe mtundu, ndipo ndikasintha ndiwauze kuti mwina tiyezenso. Zikomo achemwali, ya thiransipoti ija ndikudziwa simudzandiuza kuti inali zingati.

Amayi a banki m'khonde, kuyeza magazi kumeneku ku pulayiveti si masewera, ndipo poyamba kumakhala pafupipafupi chifukwa akasintha mlingo umadikira masabata 6 mpaka 8 nkukayezanso, mankhwalawa amachedwa kukhazikika m'magazi. Anandiyambitsa pa 50 micrograms, kenako 75, pano ndili pa 100, ndipo sitepe iliyonse inali ndi risiti yake. Munandikongoza osandifunsa mafunso ambiri, mwezi wina munandidikira nditachedwa kubweza. Pakati apo ndinafooka mtima, ndimati mwezi wathunthu ndikumwa bwanji ndikadali wotopa, ndipo ndi amayi a tcheya amene anandikalipira mwachikondi kuti usayerekeze kuonjezera wekha mapilisi. Ananena zoona, ukapyola mlingo mtima umathamanga, tulo osabwera, thukuta, manja kunjenjemera, ndipo pakapita nthawi mafupa amafooka.

Ahedi ndi aphunzitsi anzanga, munanditengera mapiriyodi a m'mawa osandinena kuseri, kapena ngati mumanena sindinamve ndiye zikomobe. Amayi a Mvano munabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo, ndipo chimene ndinakonda nchoti mutapemphera munandifunsa ngati ndamwa mankhwala, simunandiuze kuti nditaye. Apongozi anga, munachoka kumudzi nthawi yokolola kudzakhala ndi adzukulu anu, chimanga chanu munasiyira anthu ena, zimenezi sindidzaiwala amayi.

Kwa amayi anzanga amene mwandilembera kuti zizindikiro zanu zikufanana ndi zanga, makamaka inu amene mwangobereka kumene poti chithokomiro chimatha kusokonezeka mwana akabadwa, ine si dokotala ndipo mapilisi anga sindigawa, pitani mukapemphe kuti akuyezeni TSH, mutchule dzina lake lomwelo. Amene muli kale pa mankhwala mukangodziwa kuti ndinu oyembekezera thamangani kuchipatala sabata yomweyo, mlingo nthawi zambiri umafunika kukwezedwa msanga chifukwa mwana amadalira mahomoni a mayi miyezi yoyambirira.

Lamulungu likubwerali ndikapereka chopereka chothokoza ku tchalitchi, tikaweruka nonse ndatchula pano mudutse kunyumba, kuli thobwa ndi mpunga wa nkhuku. Achemwali inu tidzakuimbirani video call muzidzangoonerera.