Lipoti la ulendo wa ku Greece: za kogona ndi za m'mimba

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la mapemphero kuno ku Leeds, atcheya anandipempha kuti ndilembe za ulendo umene ena mwa ife tinayenda kumapeto kwa Seputembala, wokaona malo amene mtumwi Paulo anapondamo ku Athens ndi ku Corinth. Za uzimu abusa adzafotokoza okha. Ine mbali yanga ndi ya m'thumba, chifukwa ambiri amene munatsala munati chinakubwezani ndi mantha a mtengo wa kogona ndi chakudya. Ndikukutsimikizirani kuti ulendowu ngwotheka ngakhale kwa ife ogwira ntchito yosamalira okalamba, bola gulu lipeze nyumba yokhala ndi khitchini.

Ndiyambe ndi viza, poti nkhani ya kogona imayambira pamenepo. Amene tili ndi pasipoti ya Malawi timafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Greece, ngakhale tili ndi chilolezo chokhala ku Britain. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, kuwonjezerapo ndalama ya ofesi yolandira mafomu. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000 ndi umboni wa kumene mukagone. Choncho nyumba mumayenera kuisungitsa viza isanatuluke. Amsungichuma athu anaumirira kuti tisankhe malo olola kubweza ndalama ngati munthu wasintha maganizo, ngakhale anali okwerako pang'ono, ndipo ndikuwayamikira. Viza ya mlongo wathu mmodzi inachedwa mpaka mitima inali m'mwamba, koma panalibe woopa kuti ndalama zake zilowa m'madzi.

Ku Athens, mahotela a ku Plaka, m'munsi mwenimweni mwa Acropolis, phiri lotchuka la makachisi akale, tinangowaona mitengo n'kuwasiya. Otchipa kwambiri ali cha ku Omonia, koma misewu ina ya kumeneko si yabwino kuti amayi aziyendamo usiku. Tinagwirizana zochita lendi nyumba ziwiri zoyandikana ku Petralona, dera la anthu wamba limene lili pa njanji ya metro (sitima za mumzinda) ndipo woyenda bwino atha kufika ku Acropolis wapansi. Abambo kwawo, amayi kwathu, kuphika ndi kudya pamodzi. Titagawana mtengo, aliyense analipira zochepa kuposa bedi la mu hositelo yogona ndi anthu osawadziwa.

Pali zinthu zitatu za m'nyumba zimene ndikufuna muzidziwiretu. Boma la Greece limatolera msonkho wa alendo pa chipinda kapena nyumba usiku uliwonse, ndipo umakwera kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Nthawi zina suoneka pa mtengo wa pa intaneti, ndiye funsani mwini nyumba musanalipire. Chachiwiri, mapaipi a nyumba zambiri ndi aang'ono, motero pepala la kuchimbudzi limatayidwa m'kabini, osati m'madzi. Chachitatu chikutikhudza kwambiri ife okonda kuyimba: m'nyengo yotentha lamulo limaletsa phokoso kuyambira 3 koloko mpaka hafu pasiti 5 masana, nthawi imene Agiriki amapumula, komanso kuyambira 11 koloko usiku. Mapemphero athu tinawaika m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo tinakhala bwino ndi oyandikana nawo mpaka tsiku lochoka.

Kuchoka pabwalo la ndege tinakwera basi ya X95 imene imayenda usana ndi usiku kukafika ku Syntagma, pakati pa mzinda, ndipo ndi yotchipa kuposa metro. M'tauni tikiti imodzi imagwira mphindi 90 pa basi, metro ndi tram. Zikwama muziika kutsogolo, opisa m'matumba ndi ambiri m'sitima zodzaza.

Tsopano za chakudya, pamene mtima wanga uli. Dera lililonse ku Athens lili ndi tsiku lake la msika pa sabata, umene eni ake amati laiki. Amatseka msewu m'mawa, alimi n'kuyala matimati, mabiringanya, anyezi, mbatata, mphesa, mazira ndi nsomba. Ikamakwana nthawi yoweruka chakumasana ogulitsa amayamba kutsitsa mitengo kuti asabwerere ndi katundu, ndiye ife tinkapita nthawi imeneyo. Kumeneko ndi kumene amayi ena achikulire a m'gulu lathu anaima n'kufuula kuti, "Ana inu, taonani bonongwe!" Analidi bonongwe, womangidwa m'mitolo ikuluikulu. Agiriki amamutcha vlita, amamuwiritsa n'kuthira mafuta a olivi ndi mandimu. Pambali pake panali therere lobala, limene iwo amaphika ndi matimati. Ufa woyera tinanyamula kuchokera kuno, ndiye usiku umenewo tinadya nsima ya bonongwe ndi tinsomba tokazinga totchedwa gavros, tofanana ndi usipa wauwisi. Ufa kunyamula n'kololedwa, koma nyama, tchizi ndi mkaka zochokera ku Britain n'zoletsedwa kulowa nazo m'maiko a mgwirizano wa Ulaya (EU) monga Greece, musayerekeze.

Mpunga, mafuta, shuga ndi tiyi tinkagula mu supamaketi, monga Sklavenitis ndi Lidl. Kumbukirani kuti masitolo akuluakulu ambiri satsegula Lamlungu, choncho za tsikulo muzigula Loweruka. Nyama ndi nsomba zambiri zili pa msika waukulu wa Varvakeios mu msewu wa Athinas. Madzi a pampopi ku Athens ndi abwino kumwa, ndiye aliyense ankangodzaza botolo lake m'mawa.

Sikuti tinkaphika nthawi zonse. Munthu sungapite dziko la eni n'kubwerako osalawa zawo. M'mawa tikalawirira tinkadutsira ku bekare kugula spanakopita, chitumbuwa cha sipinachi ndi tchizi, kapena koulouri, buledi wozungulira wowazidwa chitowe amene ndi wotchipa zedi. Masana chotipulumutsa chinali gyros kapena souvlaki wokulunga mu pita, nyama, matimati, anyezi ndi tchipisi m'kati, pa mtengo wa mayuro anayi kapena kuposerako pang'ono. Koma chimene ine ndinakonda ndi timalesitilanti ta m'makwalala a kuseri tophika chakudya cha pakhomo m'mapoto akuluakulu. Umalowa, kuyang'ana m'magalasi, n'kuloza. Muli fasolada, msuzi wa nyemba zoyera, muli gigantes, nyemba zikuluzikulu zootcha mu uvuni, muli mphodza. Mbale imodzi ndi buledi munthu umakhuta mpaka madzulo. Agiriki amaitanitsa mbale zingapo n'kuziika pakati kuti aliyense atapeko, ndipo ifenso potero bilu inkatsika.

Abale athu awiri anapatuka tsiku lina kukadya nsomba pa lesitilanti ina yoyang'ana kunyanja, kumene mnyamata woitanira anthu pakhomo anawakopa. Mtengo umene anauona pa menyu unali wa kilogalamu, osati wa mbale, ndipo analipira ndalama yokwana chakudya cha gulu lonse cha tsiku limodzi. Mukafuna nsomba yaikulu, auzeni ayese pa sikelo inu mukuona ndipo atchule mtengo asanaiike pamoto. Buledi amene amabweretsa musanaitanitse amalipiritsanso, koma mutha kumukana mwaulemu.

Ndalama zimene tinapulumutsa m'khitchini ndi zimene zinatifikitsa kumene tinapitira. Tikiti ya Acropolis inakwera kufika mayuro 30 mu Epulo 2025, koma Loweruka ndi Lamlungu lomaliza la Seputembala malo a boma otere amalowetsa ulere, ndipo alembi athu anakonza masiku dala kuti tikumane nazo. Anthu amachuluka, muyenera kulawirira. Phiri la Areopagus, pamene Paulo analankhula ndi anthu a mu Athens monga timawerengera pa Machitidwe 17, ndi laulere masiku onse. M'munsi mwake muli chikwangwani chamkuwa cholembedwa ulaliki wakewo m'Chigiriki. Miyala yake ndi yoterera, achikulire akwere pa masitepe achitsulo.

Ku Corinth, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, tinapita pa basi ya KTEL kuchokera ku depoti ya Kifissos, titanyamula kamba wa mazira owiritsa, buledi ndi mphesa. Njira imadutsa pa ngalande yakuya imene inatsegulidwa mu 1893. Mabwinja a mzinda wakale ali patali pang'ono ndi tauni ya lero, ndipo tinaima pa bwalo loweruzira pamene Paulo anaimikidwa pamaso pa Gallio, bwanamkubwa wa Chiroma. Abusa anatikumbutsa kuti mumzindawu Paulo anakhala chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anafikira m'nyumba ya Aquila ndi Priscilla, akusoka nawo mahema kuti apeze chakudya. Tinabwerera ku Athens tsiku lomwelo kuti tisalipire kogona pawiri.

Zilumba za Santorini ndi Mykonos tinazisiya dala, mitengo yake si ya gulu ngati lathu. Amene mukuganiza za ulendo wina, pewani Julayi ndi Ogasiti, pamene kumatentha koopsa ndipo nyumba zimakwera mtengo. Meyi kapena kumapeto kwa Seputembala ndiye nthawi yabwino. Malisiti onse ali ndi amsungichuma, ndipo ofuna kulowa m'chipereganyu cha ulendo wotsatira akalembetse kwa alembi mwezi uno, chifukwa malo okaonekera ku ofesi ya viza amadzaza msanga.