Kuphika madzulo utaweruka kuntchito ana akulira njala

Ine ndi bambo a ana tonse timaweruka 5 koloko. Iwo amagwira ntchito ku Kanengo, ine ku City Centre, ndipo timakhala ku Area 25. Aliyense wokwera minibasi mu Lilongwe nthawi imeneyi akudziwa mmene zimakhalira: uyambe waima pasiteji, minibasi idzaze, kenako mdipiti wa magalimoto pamsewu. Pofika pakhomo kunja kwada kale, makamaka mu June ndi July pamene dzuwa limalowa msanga. Ana athu ndi awiri, wamkulu ali sitandade 2, wamng'ono sanakwanitse zaka zitatu. Masana amakhala kwa alamu anga chapafupi pomwepa, koma madzulo nawonso ali ndi banja lawo loti aliphikire. Ndiye kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko, nthawi yoti ana akhale atagona, zonse zili pamutu pathu.

Nsima payokha siivuta. Madzi akatentha, pakatha mphindi 20 mitanda ili m'mbale. Zimene zimadya nthawi ndi moto komanso ndiwo, ndipo dongosolo langa lonse ndi lofuna kuti zinthu ziwirizi zisandipeze madzulo ndili chimanjamanja.

Ntchito imayamba Loweruka usiku. Ndimasankha nyemba, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, n'kuzinyika m'madzi kuti zigone momwemo. Nyemba zonyika zimapsa msanga ndipo makala sapita ambiri. Lamulungu tikabwera kutchalitchi ndimataya madzi onyikira aja, kuthira ena, n'kutereka poto wamkulu pambaula. Ziyambe zabwata mwamphamvu ndithu, kenako zizipsa pang'onopang'ono ine ndikuchita zina. Sindithiramo tomato kapena mafuta, mchere wokha basi chakumapeto. Zikazizira ndimazigawa m'timakontena ta majarini totsuka bwino, kontena iliyonse yokwanira chakudya chimodzi cha banja lonse, n'kuika mufiriji kumene kumaumitsa. Nyemba zosakazinga zimasungika bwino, komanso tsiku lozidya umasankha wekha kuti zikhale zokazinga kapena zotendera.

Nyemba zili pamoto choncho, bambo a ana amapita kumsika wa Nsungwi. Amagula tomato wambiri, anyezi, usipa wouma, soya pisi, mazira, mbatata ndi mtedza. Tomato ndimawauza kuti asankhe wakupsa kwambiri, uja amayi ogulitsa amafuna atamuchotsa msanga, chifukwa amakhala wotsikirako mtengo ndipo banyira wake amakhala wooneka. Tomato ameneyo ndimamuphika tsiku lomwelo. Ndimakazinga anyezi m'mafuta mpaka afewe, n'kuthira tomato yense wodula, mchere pang'ono, n'kusiya kuti aphwanyike mpaka madzi achepe, supu akhale wokhuthala. Nayenso ndimamugawa m'timakontena. Supu ameneyu ndiye amandipulumutsa sabata yonse. Ganizani nthawi imene mumataya madzulo alionse kusenda anyezi, kudula tomato, kudikira kuti aphwanyike m'poto, kwinaku mwana akukukokani chitenje. Zonsezo zimakhala zitachitika kale.

Chomaliza Lamulungu ndi nsinjiro. Apa ndimakhala pansi ndithu ndi lichero n'kusankha mtedza umodziumodzi. Wofota, wakuda kapena wochita chuku ndimataya osaumvera chisoni. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi ndipo amasokoneza kakulidwe ka ana, ndipo kuphika sikumuchotsa. N'chifukwa chake ndimakonda kusinja ndekha kusiyana ndi kugula nsinjiro zosinjasinja zimene sindinaone mtedza wake. Ndikasinja mumtondo ndi kusefa, ndimaika m'botolo louma lotseka bwino.

Amene mulibe firiji musaone ngati nkhaniyi si yanu. Nyemba phikani zokwanira lero ndi mawa basi, ndipo muziziwiritsa mpaka zibwate musanadye. Masiku enawo dalirani zouma: usipa, bonya, soya pisi, nsinjiro, mfutso. Ngakhale ife a firiji, magetsi akazima nthawi yaitali timakhala m'madzi omwewo. Ine ndimasunga mabotolo a madzi oundana pafupi ndi makontena aja, ndipo magetsi akazima palibe wotsegula firiji. Chimene chasungunuka n'kuyamba kafungo kowawasa kapena kuchita thovu sichipita m'kamwa mwa mwana.

Tsopano tsiku la ntchito lenilenilo. M'mawa ndisanatuluke ndimakhala nditadziwa kale chimene tidye madzulo, ndipo ndimawauza bambo a ana. Mutu wotopa suganiza bwino. Kuima pakhitchini 6 koloko n'kumadzifunsa kuti kodi ndiphike chiyani kumatha mphindi zambiri kuposa kuphikako. Ngati ndi tsiku la nyemba, ndimatsitsa kontena imodzi kuti isungunukire m'munsi mwa firiji.

Ndikatsika minibasi madzulo ndimagula masamba kwa amayi a pasiteji. Masamba okha ndiwo sindigula a sabata yonse, amafota. Ambiri masiku ano amagulitsa mpiru, repu kapena chainizi zoduladula kale m'timajumbo. Kunena zoona masamba otsuka asanadulidwe ndiwo abwino, chifukwa ukatsuka odula zina zofunika zimapita ndi madzi. Koma tsiku loti miyendo ikuwawa ndimagula odulawo, n'kuwatsuka bwino ndi madzi oyera, ndipo mtima sundiweruza.

Ndikalowa m'nyumba sindikhala pampando. Ndikangokhala, thupi limakana kudzukanso. Ndimavula nsapato, kusamba m'manja, n'kutereka madzi a nsima ndisanasinthe n'komwe zovala. Nthawi imeneyi ana amakhala atandizungulira kale.

"Amayi, njala!"

"Ndamva, mwanangu. Sambani m'manja mudye nthochi, nsima ikubwera."

Nthochi imodzi aliyense, kapena kagawo ka papaya, mango ikakhala nyengo yake, kapena peyala. Chipatso chimatonthoza m'mimba osapha chilakolako cha nsima. Mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera nthawi imeneyi ayi, chifukwa mwana akadya zimenezo nsima amangoiyang'ana, kenako pakati pausiku adzuke akulira njala.

Za moto: tinagula kasilinda kakang'ono ka gasi, ndipo timakasungira madzulo a masiku a ntchito okha. Zophika nthawi yaitali monga nyemba zimapita pambaula Lamulungu. Gasi akatha mwezi usanathe, amene wayamba kufika pakhomo amayatsa mbaula asanachite china chilichonse, poti makala amatenga nthawi kuti ayake bwino. Kawirikawiri amayamba kufika ndi bambo a ana. Mbaula timaphikira pakhonde. Kaya kuzizire bwanji mu July, mbaula yoyaka siilowa m'nyumba yotseka mawindo, chifukwa makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo.

Madzi a nsima akutentha mbali imodzi, mbali inayo ndiwo zimayamba. Zimene timadya kawirikawiri ndi usipa. Ndimauviika m'madzi ofunda mphindi 5 kuti mchenga utsike, kuutsuka, kuchotsa mitu kuti usawawe, n'kuukazinga pang'ono m'mafuta mpaka uyambe kufiirira. Ndikathira supu wa tomato uja ndi timadzi, pakatha mphindi 10 wapsa. Nthawi imeneyo madzi a nsima afunda, ndathira kale ufa, phala likubwata. Ndimaphula usipa, n'kutereka masamba ndi timadzi tochepa kwambiri, sipuni ziwiri za supu yemweyo ndi mchere. Akangofewa ndimawaza nsinjiro pamwamba, kuvindikira kanthawi, kenako kutakasa kuti nsinjirozo zipse, fungo la mtedza wauwisi lichoke. Masamba asapse mpaka kuda. Aphulidwe akadali obiriwira. Apa bambo a ana amakhala atagwira mthiko akuvundula nsima. Amavundula bwino kuposa ine, manja awo ndi amphamvu, ndipo mwana wathu wamwamuna akukula akuona bambo ake akuomola nsima ndi chipande. Zimenezo zimandisangalatsa kwambiri.

Wamng'onoyo usipa wathunthu umamuvuta. Ndimakazinga usipa wina popanda mafuta mpaka uume gwa, n'kuusinja kukhala ufa, minga ndi zonse, n'kusunga m'kabotolo. Sipuni imodzi ya ufa umenewu m'masamba ake otendera kapena m'phala lake la m'mawa, ndiye kuti wadya nsomba popanda mantha a minga pakhosi. Timafupa tosinjikato n'tothandizanso mafupa ndi mano ake. Mtedza wathunthu sitimupatsa, ungamutsamwe.

Mazira safuna kufotokoza kwambiri. Supu m'poto, atenthe, swerani mazira momwemo, takasani mpaka apse bwinobwino. Nsima isanapse iwo atha kale.

Soya pisi anthu ambiri amamunyoza kuti sakoma, koma vuto limakhala kaphikidwe. Muviikeni m'madzi otentha kwa mphindi zochepa, mumufinye ndithu madzi onse achoke, kenako mumukazinge m'mafuta otentha mpaka achite bulauni m'mbali. Pamenepo ndiye muthire supu. Mukangomuponya m'madzi osakazinga amakhala ngati siponji, ndipo ana amamulavula.

Tsiku la nyemba nthawi zambiri timadyera mpunga, poti mpunga umadziphika wokha ine ndikusambitsa ana. Tikapeza wa Kilombero wa ku Karonga nyumba yonse imanunkhira, ndipo ana amadya osakakamizidwa. Nyemba zija zimangofuna kukazinga ndi supu, zibwate bwino, basi. Mpunga ndimaphika wokwanira usiku womwewo, chifukwa wotsala ukagona pamalo ofunda umatha kutsegula m'mimba.

Therere nalonso n'lachangu, ndipo ana aang'ono amalikonda poti nsima imatsetsereka pakhosi. Soda ndimathira wochepa kwambiri, kansonga ka sipuni.

Pali masiku ena oti thupi latheratu, mutu ukugunda, mwina kuntchito sikunayende bwino. Tsiku loterolo ndi la futali. Ndimasenda mbatata, makamaka yofiira mkati ija imene ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, kuiduladula tizidutswa ting'onoting'ono kuti ipse msanga, n'kuiwiritsa ndi madzi ochepa ndi mchere. Ikafewa ndimathira nsinjiro zambiri ndithu, kuvindikira mphindi 5 pamoto wochepa, kenako kutakasa mpaka zigwirane. Poto mmodzi, mbale zinayi, zatha. Poyamba bambo a ana ankadandaula.

"Mayi a ana, ndiye kuti lero tigona ndi njala?"

"Idyani kaye, bambo. Mukapanda kukhuta, ufa uli apo, mthiko uli apo."

Anadya, anakhuta, ndipo masiku ano amachita kuitanitsa okha. Ndikumvetsa kuti ambiri tinakula tikudziwa kuti usiku wopanda nsima ndiye kuti sunadye. Koma futali ndi chakudya chathu chomwe, agogo athu ankadya, ndipo mwana amene wadya mbatata ya nsinjiro ndi chipatso wagona atadya zabwino kuposa amene wadya nsima ndi supu wa tomato yekha chifukwa choti amayi ake analibe mphamvu zophika ndiwo.

Kusikelo alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za gulu la nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Chimene chimandipepukitsa mtima n'chakuti magulu amenewa amawerengedwa pa tsiku lonse. Ngati m'mawa ana adya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masana kwa azakhali awo adya nsima ya nyemba ndi masamba, ine madzulo ndimangoona chimene chasowa. Ndiye poweruka ndimawafunsa alamu anga pafoni kuti ana adya chiyani masana, kuti ndisabwereze zomwezo.

Pakudya, wamng'ono amakhala ndi mbale yakeyake kuti ndione kuchuluka kwa zimene wadya. Akadyera mbale imodzi ndi mkulu wake amangotsala akunyambita zala. Ndipo amayamba iyeyo kudya, isanakwane 7 koloko, chifukwa mwana akayamba kusinza palibenso chimene chingalowe m'kamwa. Ndikaona kuti nsima ichedwa, ndimamupatulira phala lija la nsima lisanalimbe, n'kuthiramo nsinjiro zakupsa za m'masamba ndi ufa wa usipa, adye agone. Akakana chakudya china sindimenyana naye. Ndimachibweretsanso tsiku lina. Nkhwani ankazikana, pano amadya.

Tikatha kudya timagawana: mmodzi agoneke ana, wina atsuke mbale. Poto wa nsima timamuthira madzi nthawi yomweyo tikangoomola kuti nkhoko zifewe. Mkute ukatsala sutayidwa, bambo a ana amauotcha m'mawa n'kumwera tiyi.

Pofika Lachisanu makontena amakhala atatha, supu watsala wa pansi penipeni. Tsiku limenelo ndimaphatikiza zotsala: mazira awiri atatu, kabichi wokazinga mwachangu ndi anyezi, nsima. Mwezi ukakhala kuti wangotha kumene, m'thumba muli kanthu, bambo a ana amadzera pachiwaya n'kubweretsa tchipisi, ine ndimangodula tomato ndi kabichi wa saladi n'kukazinga mazira pakhomo. Ana amadumphadumpha, mbale zotsuka zimakhala zochepa, ndipo tonse timagona 8 koloko isanapitirire kwenikweni.