Tinapitira ayisikilimu, amayi anakakamira ku ng'ombe

Amayi atabwera kudzationa kuno ku Plymouth, ku England, sabata ziwiri zoyamba anazithera pawindo. Munthu wozolowera kulawirira mbandakucha kukamweta nsenjere ku Bvumbwe, ukamukhazika pasofa n'kumupatsa rimoti, amayamba kudwala matenda osaoneka. Ndiye Loweruka lina mu August tinapangana ndi alamu anga kuti tiwatulutseko. Kopita anasankha ndi ana: ku Roskilly's, famu ya banja lina ku Cornwall komwe amapanga ayisikilimu ndi mkaka wa ng'ombe zawo zomwe. Tinanyamuka anthu 9, magalimoto awiri, ndi poto wa mpunga ndi nkhuku, pakuti kwa amayi ulendo wopanda kamba si ulendo.

Pamlatho wa Tamar sulipira ukamalowa mu Cornwall, amakudikirira pobwerera. Tinadzera ku Truro ndi ku Helston, kenako tinadutsa zimbale zikuluzikulu za setilaiti za ku Goonhilly. Kuyambira pamenepo msewu umangocheperachepera, ndipo poyandikira mudzi wa St Keverne umasanduka kanjira kokhala ndi mipanda ya miyala yomera udzu uku ndi uku. Tinakumana ndi thirakitala pakona, bambo a ana n'kubwerera chambuyo thukuta lili kamukamu. Amayi anangoti, "Kani kunonso kuli kumudzi."

Famuyo dzina lake ndi Tregellast Barton, ndipo polowa salipiritsa. Titangotsika, ana onse anathamangira pamzere wa ayisikilimu. Pocheuka, agogo awo palibe. Ndinakawapeza atatsamira mpanda, akuyang'anitsitsa ng'ombe.

Ng'ombe zake ndi za mtundu wa Jersey: zazing'ono thupi, zofiirira, maso akuluakulu ngati a gwape. Ya amayi kumudzi ndi ija yakuda ndi yoyera, ya magazi a Friesian, chimphona poyerekeza ndi izi.

"Iwe, tinthu timeneti tingadzaze chigubu?"

Ndinawafotokozera zomwe ndikudziwa, kuti Jersey imatulutsa mkaka wochepa kusiyana ndi Friesian, koma mkaka wake ndi wonona. Mafuta ake amafika magawo 5 pa 100 alionse pomwe wa Friesian umakhala cha m'ma 4, ndipo umaoneka wachikasu pang'ono. Wopanga ayisikilimu amafuna mafutawo, osati kuchuluka kwa malita. Amayi sanayankhe msanga. Anawerama, anazula udzu wa m'mphepete mwa mpanda, anaufikisa m'zala n'kuununkhiza. Unali wosakanikirana ndi timasamba titatutitatu tija timene timabwezera chonde m'nthaka monga imachitira nyemba kapena nandolo.

Apa m'pamene tinafika pa mawu aja olembedwa paliponse pafamupo, akuti organic. Ndinati tanthauzo lake n'lakuti pamunda sathira feteleza wa kusitolo kapena mankhwala opha udzu, chonde chimachokera ku manyowa ndi mbewu zosinthanitsa, ng'ombe zimadyera kubusa nyengo ikalola, ndipo mankhwala amazipatsa zikadwala basi, mkaka wa yodwalayo n'kuupatula masiku ambiri. Munda umatenga zaka ziwiri usanavomerezedwe, ndipo chaka chilichonse kumabwera oyendera ochokera ku mabungwe monga Soil Association.

Amayi anaseka mpaka kugwira chitenje pakamwa.

"Ndiye kuti ine ndakhala ndili organic zaka zonsezi osadziwa? Ife tikukanganirana makuponi a feteleza, eni ake feteleza akumukana, n'kumagulitsa modula chifukwa chomukanacho!"

Ndinafuna kutsutsa, koma ndinasowa poyambira. Kusiyana kulipo ndithu: awa anachita kusankha, ali ndi pepala lowachitira umboni, ali ndi firiji yosazima magetsi, ndipo mkaka sauperekera pamtengo woikidwa ndi wina. Amaupanga okha chinthu china, n'kuchigulitsa pakhomo pawo pomwe kwa anthu obwera okha ndi magalimoto. Mkaka wa amayi umakwera njinga m'mawa kupita ku gulu la alimi, ndipo phindu lenileni limakadyedwa mu Blantyre.

Ayisikilimu tinadya, musaganize kuti tinaiwala. Ana anatenga wa Hokey Pokey, wokhala ndi tizidutswa ta shuga wowotcha tokhukhuta m'mano. Ine ndinatenga wa vanila wa clotted cream, mafuta a mkaka amene kuno amawaphika pamoto wochepa mpaka atachita chikhungu pamwamba. Ndi wolemera m'kamwa, susungunuka msanga ngati uja wa m'zidebe zotchipa. Chifukwa chake n'chosavuta: ayisikilimu amapangidwa potakasa mkaka, kirimu ndi shuga uku zikuundana, ndipo potakasapo mumalowa mpweya. Wotchipa uja nthawi zina theka lake ndi mpweya, wina amathiramo mafuta a mbewu m'malo mwa a mkaka. Ife amene tinakulira mafirizesi a m'mapepala pageti ya sukulu sitinkadziwa zimenezi, ndipo kunena zoona sitinkadandaula.

Amayi mano awo sagwirizana ndi zozizira. Anaika kapu yawo padzuwa, anadikira mpaka zonse zitasungunuka, adzukulu akukuwa kuti "Agogo, mukuwononga!" Kenako anamwa pang'onopang'ono ngati chambiko, anatseka maso, n'kugamula mlandu:

"Umu sanathiremo madzi."

Amene anaimapo pamzere ku gulu la mkaka, kudikira kachipangizo kaja koviika m'chigubu kuti kaulule wothira madzi, akudziwa kuti mawu amenewa ndi ulemu waukulu.

Chakumadzulo tinaonerera ng'ombe zikukamidwa ndi makina. Ana anatopa patangopita mphindi zochepa n'kupita kumaiwe kukathamangitsa abakha. Amayi anakhala mpaka yomaliza, akuwerenga mabere ndi kuyang'ana ziboda. Mpunga uja tinadyera m'galimoto, utazizira.

Tikuyandikira mlatho wa Tamar, bambo a ana akufufuza khadi yolipirira, amayi anandigwira paphewa.

"Tandiimbire mnyamata wa ng'ombe uja pa WhatsApp. Ndimufunse ngati wathira madeya madzulo ano. Umuuzenso akafunse alangizi ngati ku Mikolongwe ili nayo mbewu ya ting'ombe tofiirati."