Mawondo a agogo atakana pa thamanda la Betesda

Okonza maulendo a ku Yerusalemu amakuuzani za ndege, za hotela ndi za madola oti mulipire, koma za miyendo sanenapo kanthu. Mzinda wakale uja ndi wa zitunda ndi masitepe a miyala yoterera, ndipo basi imakusiyani kunja kwa linga. Pa gulu lathu lomwe linanyamuka ku Lilongwe m'chaka cha 2022, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Tel Aviv, ambiri anali achikulire opuma pantchito, ena ana awo ndiwo anachita kuwasonkhera. Za mmene tinavutikira kupeza madolawo sindiyamba n'komwe, Mmalawi aliyense akuzidziwa.

Tsiku lomwe ndikufuna kukambali tinayambira pamwamba pa Phiri la Azitona. Kanjira kotsikira ku Getsemane n'kotsetsereka zedi, mbali ina kuli manda a Ayuda osawerengeka. Mukatsika, mukaona mitengo ya azitona yakalekale ija, mumawoloka chigwa cha Kidroni n'kuyambanso kukwera chitunda kupita ku Chipata cha Mikango, chomwe ena amati cha Stefano. Pa chitunda chimenecho m'pamene ndinaona kuti mayi wina wa Mvano, amene tonse tinkangowatchula kuti agogo, atsalira kutali, dzanja atagwira khoma.

"Agogo, zikuyenda?"

"Mwanangu, mtima ukufuna koma mawondowa akana."

Tinalowa nawo pang'onopang'ono m'bwalo la tchalitchi cha St Anne, chomwe chili kumanja mukangodutsa chipata, ndipo m'bwalo momwemo ndimo muli thamanda la Betesda. Polowera tinalipira mashekele (ndalama za ku Israeli) 10 aliyense. Wotitsogolera anakweza kambendera kake n'kunena kuti pano tili ndi mphindi 20, kenako tiyambe Via Dolorosa, njira yomwe amati Yesu anadutsa atasenza mtanda, chifukwa malo odyera nkhomaliro anasungitsa kale. Abusa athu anathedwa nzeru, akayang'ana gulu, akayang'ana agogo. Agogo ndiwo anawamasula: "Abusa, pitani ndi anthu, asaphonye chifukwa cha ine." Ine ndinatsala nawo.

Amene mukuganiza kuti Betesda ndi dziwe la madzi oyera, konzekani. Ndi dzenje lakuya kwambiri lodzaza ndi mabwinja, zipilala ndi makoma a matchalitchi omwe anamangidwa pamwamba pake m'mibadwo yosiyanasiyana, ndipo timadzi takuda timaoneka pansi penipeni. Ofukula zakale anapeza kuti anali mathamanda awiri oyandikana, pakati pali khoma. Makonde anayi ankazungulira m'mbali, lachisanu linali pakhoma lapakatilo, n'chifukwa chake Yohane akunena za makonde asanu. Tinakhala pa benchi mumthunzi, agogo n'kutulutsa Baibulo lawo lachikuto chong'ambika kuti ndiwawerengere Yohane 5. Nditafika pamene munthu uja anadwala zaka 38 akuyankha Yesu kuti alibe munthu womuika m'thamanda madzi akavunduka, anandigwira mkono. "Zaka 38, mwanangu. Anthu akungomulumpha tsiku ndi tsiku, zaka 38." Anandiuza za zaka zomwe anadwazika amuna awo, ndi mmene abale anayambira kuchepa pakhomo matenda atatenga nthawi. Sindinayankhe zambiri, ndinangomvetsera.

Mphepo itawapita tinalowa m'tchalitchimo. Anachimanga ndi ankhondo achikhristu ochokera ku Ulaya cha m'ma 1130, ndipo sichinagwetsedwe chifukwa Saladin, mfumu ya Asilamu, anachisandutsa sukulu ya Chisilamu mu 1192. Zolemba zachiarabu za nthawi imeneyo zikadali pamwamba pa khomo. Mu 1856 mafumu a Ottoman a ku Turkey anachipereka ku dziko la France, n'chifukwa chake mbendera ya France ikupepera pamalopo, ndipo kuyambira 1878 akuchisamalira ndi ansembe a chipani cha White Fathers, omwe aja anatsegula mishoni ya Mua kwathu kuno mu 1902. Pansi pake pali phanga lomwe mwambo wa mpingo umati ndi pomwe anabadwira Maria. M'katimo mulibe zokongoletsa zambiri, ndi miyala basi, koma mawu akatuluka pakamwa amazungulira kudenga nthawi yaitali asanazilale. Gulu la anthu a ku Korea litamaliza kuimba, agogo anayambitsa nyimbo ya ku Mvano ali chikhalire, ndi mawu awo onjenjemera aja, ine n'kupolokoza. Tinali awiri okha koma zinkamveka ngati mpingo wathunthu, ndipo alendo ena omwe ankatuluka anabwerera kudzakhala pansi.

Vuto linali lakuti tikafika bwanji ku Tchalitchi cha Manda Oyera, komwe Via Dolorosa imathera. Si patali, mtunda wake sukwana kilomita, koma ndi wokwera. Titatuluka mumsewu agogo anayenda pang'ono n'kuima pakhomo pa kasitolo ka bambo wina wachiarabu wogulitsa madzi a makangaza. Bamboyo sanafunse kanthu. Anatulutsa mpando wapulasitiki, anabweretsa tiyi wa timasamba tonunkhira m'kagalasi kakang'ono, n'kuloza mawondo a agogo akupukusa mutu. Chingerezi chake chinali chochepa, cha agogo kulibiretu, koma anamvana. Kenako anakuwira mnyamata wina yemwe ankadutsa ndi ngolo yokankha.

Ngolo zimenezi ndizo zimalowetsa katundu m'tinjira ta mzinda wakale. Kumbuyo amamangirira tayala lakutha ndi tcheni, ndipo potsika wokankhayo amaliponda kuti likhale buleki. Mnyamatayo anayala makatoni, ine ndinayala chitenje pamwamba, tinawakweza agogo. Poyamba anachita manyazi, akuti anthu aziti chiyani, koma bamboyo anaika dzanja pamtima n'kuwerama pang'ono, agogo n'kuwomba m'manja mwaulemu wakwathu.

Mbali yaikulu ya Via Dolorosa imadutsa m'dera la Asilamu, ndipo ndi msika weniweni, wothinana ngati wa ku Limbe kumapeto kwa mwezi: ogulitsa zonunkhiritsa, nsapato, makorona, ana a sukulu, asilikali a Israeli ndi mfuti zawo pamphambano, magulu a alendo atasenza mitanda yamatabwa. Mnyamatayo ankakuwa kuti anthu apatuke, akukankha m'timizere tosalaza tomwe anaika pamasitepe, thukuta lili kamukamu. Malo okumbukira masautso a Yesu alipo 14 ndipo ankawadziwa onse, ngakhale anali Msilamu. Akafika pa nambala yolembedwa pakhoma ankaima yekha n'kudikira agogo apemphere. Pamalo achisanu, pokumbukira Simoni wa ku Kurene, ndinawauza agogo kuti Kurene anali ku Libya, mu Africa momwemuno. Anapempha kuti awayandikitse pakhoma pomwe pali mwala wokumbika ndi manja a anthu, nawonso n'kuikapo lawo.

Pabwalo la tchalitchi ndinatulutsa mashekele 50. Mnyamatayo anakana, ndinakakamiza, anakananso, anapsompsona dzanja la agogo n'kuligunditsa pamphumi pake, basi n'kutembenuza ngolo.

Kwa amene muli ndi achikulire, imvani ichi chifukwa wotitsogolera sanachitchule. Gologota ali pamwamba, masitepe ake ali kumanja mukangolowa ndipo ndi oimirira kwambiri. Koma pansi pake pali kachipinda kotchedwa ka Adamu, komwe thanthwe la Gologotalo limaoneka kuseri kwa galasi, ndipo simukwera sitepe. Agogo anapemphera pamenepo. Pamwala wokumbukira kudzozedwa kwa thupi la Yesu sanathe kugwada, ndiye ine ndinawagundiziratu mpango wawo. Mzere wolowera kumanda enieniwo unali wopitirira ola munthu ali chiimire, ndipo m'katimo mumangokhalamo kamphindi. Tchalitchichi amagawana Agiriki, Akatolika, Aarmeniya, Akoputiki, Asiriya ndi Aitiyopiya, pomwe kiyi wa chitseko chachikulu amasunga ndi mabanja achisilamu kuyambira kalekale.

Gulu lathu linatipeza titakhala kale pamenepo, ambiri atatopa, ena akudandaula kuti pa Via Dolorosa anangothamangitsidwa osapemphera n'komwe.

Chomwe chimandipwetekabe mtima n'chakuti m'mawa mwake ku Betelehemu anatisiya m'sitolo ya ziboliboli za mtengo wa azitona pafupifupi maola awiri, wotitsogolera osayang'ana wotchi ngakhale kamodzi. Kamtanda komwe kumeneko ankati madola 15, m'misika ya mzinda wakale wa Yerusalemu munthu akanenerera ankagula ndi mashekele 20. Munthu wasunga ndalama zaka zambiri, mwina wagulitsa ng'ombe, kuti adzapatsidwe mphindi 20 pa Betesda? Musanalipire, pemphani ndondomeko ya tsiku lililonse yolembedwa, mufunse kuti pamalo aliwonse mukhalapo nthawi yaitali bwanji, komanso kuti amene walephera kuyenda amuthandiza motani. Ngati ayankha mozungulira, funani ena. Tengani nsapato zamphira, ndodo ya agogo anu ndi botolo lotungiramo madzi, chifukwa kabotolo kamodzi pafupi ndi malo oyerawa ankatigulitsa mashekele 10. Ndipo popeza kumeneko mtendere umasinthasintha, tsatirani nkhani bwinobwino musanagule tikiti.